Kuseri kwa Pulani Nambala 14

Sonkhezerani motowo, ponyanipo thabwa ilo, chiperoni cha lero sichikuseka ndi munthu. Inu amene mwangoyamba kumene ntchito mu ofesi ya zomangamanga, ndakumvani m'mawa muja mukuuza anzanu kuti masiku ano palibe chofunsira nkhalamba, zonse zili mu kompyuta. Sindikukutsutsani ayi. Zilimodi. Paipi iliyonse ya pa yunivesite pano, waya aliyense, ngakhale chimbudzi cha alonda, mukangodina zimatuluka pagalasi. Koma madzi a tiyiwa asanawire ndikuuzeni za mwana wanga Fanuel, chifukwa nkhaniyi ndi yake, ngakhale woiyambitsa ndine.

Kwa amene simundidziwa, ndine Likaka, pulambala. Ndakwawa pansi pa nyumba zonse mukuzionazi kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo mapulofesa amene amakudutsani osapereka moni aja ine ndimawadziwa ndi zimene amatsekera masinki awo.

Kale mapulani a nyumba zonse za pano ankasungidwa m'chipinda chapansi, kuseri kwa ofesi yathu, m'makabati a madirowa otambalala oti mwana n'kugonamo. Wosunga makiyi anali a Ndilowe, bambo wamtali, wosakonda kuseka. Munthu ameneyu anali ndi kachizolowezi kotopetsa. Ukapita kukapempha pulani, madzi akusefukira ku hositelo, ophunzira akukuwa, iwo ankaitulutsa mosapupuluma, n'kuitembenuza kaye, kuyang'ana kuseri kwake kuchokera pamwamba mpaka pansi, kenako ndiye n'kukupatsa. Tinawapatsa dzina loti a Tembenuzani. Tsiku lina ndinawafunsa kuti kodi kuseri kwa pepala amasakako chiyani.

"Amene anandisiyira makiyiwa ankatero," anayankha a Ndilowe. "Ndikamadzasiyira wina ndidzamuuza chifukwa chake. Inu zanu ndi mapaipi."

Sanamuuze munthu. Anagwa pa siteji ya minibasi Lachinayi lina akuweruka, ndipo pofika nawo kuchipatala n'kuti atatisiya kale. Makiyi anakhala pa msomali miyezi isanu ndi itatu.

Kenako kunabwera mayi Kachiwanda, mayi wachitsikana, wophunzira bwino, wachangu, ndipo ndinene pano kuti sanali munthu wonyoza. Anabwera ndi makina ojambulira mapulani, aatali ngati chitseko chogoneka. Pulani inkalowa uku n'kutulukira uko, chithunzi chake n'kukhala mu kompyuta. Miyezi itatu mayi uja ali weramu, mapulani oposa zikwi ziwiri, iliyonse akuipatsa dzina ndi nambala yake. Ntchito inali yokongola, ine ndemwe ndinaiyamikira, chifukwa pulani imene a Ndilowe ankaifunafuna theka la ola tsopano inkapezeka ndisanamalize n'kukhala pampando pomwe. Chimene tonse sitinachiganize n'choti makinawo ali ndi diso mbali imodzi yokha. Nanga kuseri kwa pepala munthu angajambuleko chiyani?

Tsopano Fanuel. Ameneyu ndi mwana wanga wachisamba, woyendetsa katapila, ndipo anthu ankati tikayima pamodzi safunsa kuti bambo ake ndi ndani. Chaka chimenecho anali atakhala miyezi isanu ndi iwiri osagwira ntchito, mkazi wake ali woyembekezera, onse akudya kwa ine. Mwamuna wamkulu akamangokhala pakhonde n'kumasenda nzimbe tsiku lonse, mtima wa kholo sugona. Ndiye nditamva kuti pakapinga pa kuseri kwa laibulale pamangidwa holo yatsopano, ndinapita kwa kapitawo wa kontilakita n'kukamugwadira ndithu, ine mdala wa imvi. Anamulemba Fanuel ngati waganyu, n'kunena kuti akakumba bwino maziko amutenga mpaka ku ntchito zina. Tsiku loyamba kukumba linali Lolemba la sabata yachiwiri ya Juni.

Lamulo la pano mukulidziwa: palibe amazika khasu pansi wosunga mapulani asanasaine. Mayi Kachiwanda anatsegula pulani nambala 14, ya malo amenewo, ine ndili pambali pawo. Pakapinga ponsepo panali poyera, popanda paipi, popanda waya. Ine ndinkadziwa kale kuti mapaipi onse a mbali imeneyo amapazungulira, kukhota mtunda wautali popanda chifukwa, ndipo zaka zonsezo ndinkangoti amisiri akale anali owononga zipangizo.

Kutatsala masiku khumi, bwana Thawale, mkulu wa ofesi yathu, analamula kuti chipinda cha a Ndilowe chikonzedwe, mukhale ofesi ya anthu ena. Mapepala onse akatenthedwe, poti zithunzi zake zasungidwa kale. Tinawatuta ndi mawilibala kupita nawo kudzala. Koma inu mukanaona mapepalawo! Okhuthala, olimba, osang'ambika wamba. Mkazi wanga Nanyoni amagulitsa mtedza wokazinga pageti paja, ndipo ankadandaula kuti nyuzipepala zokulungira mtedzawo masiku ano sizipezeka. Ndinapatula mpukutu umodzi n'kuubisa kuseri kwa thanki. M'manja mwanga munali girisi, poti ndinali nditangochoka kokonza pampu, ndiye ndinang'amba ngodya ya pepala lapamwamba, n'kupukutira, n'kuponya pamoto. Pakachidutswako panali timizere ta pensulo. Ndinationa, sindikana. Koma ndani amawerenga chopukutira m'manja?

Lolemba lotsatira mayi Kachiwanda anandiitana.

"A Likaka, talowani mununkhize. Kodi pali paipi ikudontha muno?"

Ofesi yawo ili m'mwamba, pansi pake ndi pa simenti, palibe paipi imadutsamo. Koma fungo linalimo, la dothi lonyowa longokumbidwa kumene. Ndinayang'ana paliponse osapeza dontho. Ndikutuluka, mayi uja anandifunsa ngati ndikudziwa amene amasesa m'mawa, chifukwa mapepala onse a patebulo anawapeza atavundikiridwa, zolemba zili pansi, ndipo kalendala yapakhoma inali itayang'ana kukhoma. Tinaseka, n'kunamizira mayi wosesa.

Lachiwiri anapeza galasi la kompyuta litatembenuzidwa, nalonso likuyang'ana kukhoma, mawaya atapotana. Anaitana kalipentala kuti asinthe loko, kiyi n'kumuika m'chikwama chawo. Lachitatu analowa n'kupeza zomwezo, ndipo ulendo uno ngakhale chithunzi cha mwana wawo chimene chinkakhala patebulo chinali chafufumimba. Tsiku limenelo sanaseke. Ndinawaona masana atakhala panja pa masitepe, fayilo ili pamwendo, akuti mkatimo mukuzizira.

Kukapinga nakonso zinthu sizinkayenda. Oyeza malo anakhoma zikhomo zawo m'mawa, n'kumanga chingwe chofiira, n'kupita kukadya. Pobwera anapeza zikhomo zonse zitazulidwa, zitandandalikidwa bwinobwino pakhonde la laibulale ngati makasu a adzukulu kumanda, chingwe chitakulungidwa pambali. Dzuwa lili paliwombo, anthu akudutsa, koma panalibe amene anaona wozula. Kapitawo anatukwana ophunzira, n'kulamula kuti akhomenso. Mawa lake zinachitikanso chimodzimodzi.

Lachinayi kapitawo uja anandipempha kuti ndimvetsere pansi, chifukwa nthaka inkaoneka yonyowa kuposa malo ena, mwina pali paipi yakale yosalembedwa. Inu a makompyuta simudziwa mmene timamverera madzi. Umatenga chitsulo chachitali, n'kuchizika pansi, n'kugunditsa khutu kumapeto kwake. Ngati paipi ikudontha umamva kuti siii, ngati njoka. Ndachita zimenezi kambirimbiri. Ndinazika chitsulo changa pakati pa kapinga, n'kuika khutu.

Madzi sindinawamve. Ndinamva munthu akukonza kukhosi, pang'ono chabe, monga amachitira wamkulu akafuna kuyamba kulankhula pabwalo. Kenako mphasa inalira, ngati anthu akusendera kuti apatsane malo. Kenako kunati zii. Koma sanali zii wa pamalo popanda anthu. Anali zii wa anthu amene azindikira kuti wina akuwamvetsera.

Ndinazula chitsulo chija msanga. Kapitawo anafunsa kuti ndapeza chiyani, ndipo ine ndinati palibe paipi. Sindinaname, paipi panalibedi.

Lachisanu masana chiperoni chinatsika ngati cha lerochi, moti laibulale inkaoneka denga lokha. Ndinkadutsa pakapinga paja ndi sipanala m'manja pamene ndinaona anthu atakhala pansi. Poyamba ndinkayesa ndi ophunzira a zisudzo, paja iwo savuta kuvala nsanza. Anakhala motambalitsa miyendo, amayi atafunda biriwita, nsalu zakuda zija ankavala agogo athu, abambo ali opanda nsapato. Onse anandipatsa msana.

"Mwaswera bwanji kumeneko?" ndinatero.

Panalibe woyankha. Ndinazungulira kuti ndiwaone nkhope. Sindinaone munthu akutembenuka, sindinamve nsalu ikukhwekhwereza, koma nditafika mbali inayo ndinapezanso misana. Ndinazunguliranso, misana yokhayokha. Pulambala ali ndi matenda owerenga zinthu, ngakhale mantha atamugwira, ndiye ndinawawerenga. Khumi ndi mmodzi anakhala pamodzi chapakati. Wina mmodzi, wochepa thupi, anakhala payekha patali, pafupi ndi mtengo wa m'bawa uli kungodya kuja. Onse pamodzi khumi ndi awiri. Mtsikana wina wophunzira anadutsa apo akuseka pa foni, ine n'kumucheukira, ndipo pobweza maso ndinangoona udzu. Udzu wonse unali wonyowa ndi chifunga, kupatula malo khumi ndi awiri amene anali ouma ndi ofwanyika.

Sindinauze munthu. Ukanena zoterezi pa yunivesite amakufunsa kuti unamwa chiyani dzulo, ndipo ine ndinkafuna kudzapuma pa ntchito ndi ulemu wanga.

Loweruka masana Nanyoni anabwera kuchokera pageti nthawi isanakwane, beseni la mtedza likadali lodzaza. Sanakhale pansi.

"Bambo a Fanuel, mapepala munandibweretsera aja munawatenga kuti?"

"Kuntchito. Anali otaya. Bwanji?"

"Sabata yonse ino anthu akundibwezera mtedza, akuti ukumveka dothi. Mtedza wanga ine dothi? Ndiye lero kwabwera mayi wina. Sanagule. Anayima patebulo panga atayang'ana kumsewu, n'kutambasulira dzanja kumbuyo, n'kuika izi. Ndinamuitana kuti mayi, mayi, koma sanacheuke. Analowa pageti, alonda osamufunsa n'komwe."

Anamasula nsonga ya chitenje n'kutulutsa timapepala. Tinali tomwe tija anaduladula ndi mpeni n'kukulungira mtedza sabata yonseyo, tina togulidwa Lolemba, tina Lachitatu, ndi anthu osiyanasiyana amene anapita nato kwawo. Tonse tinali titawongoledwa bwino, titasanjidwa zojambula zili pansi.

"Tayang'anani kuseriku," anatero Nanyoni. "Awa ndi mayina a anthu."

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinaimbira foni mayi Kachiwanda. Anabwera ku ofesi ndi zovala za kutchalitchi zomwezo. Ndinaulula kuti ndinatenga mpukutu umodzi, ndipo iwo sanandikalipire, anangotulutsa selotepi. Tinalumikiza timapepala tija patebulo, kamodzikamodzi, kutsata mizere ya makoma a laibulale, mpaka pulani nambala 14 inabwerera. Kenako mayi uja anachita chimene a Ndilowe ankachita. Anaitembenuza.

Pamwamba panali mawu a pensulo, ozilala koma owerengeka. Anawerenga mokweza, ndipo ndimawakumbukira mpaka lero: "Awa tinawasiya pomanga. Eni mudzi anasamuka mwamtendere pa pangano loti pamene agona abale awowa pasadzakumbidwe. Akuluakulu akana kuti tilembe kutsogolo. Wosunga makiyi auze mnzake." Pansi pake panali masiginecha atatu a manja osiyana, omaliza a Ndilowe. Ndipo chapakati pa pepalalo panali timitanda ting'onoting'ono, kalikonse ndi dzina pambali pake.

Mayi Kachiwanda ananyamula pulani ija n'kuigunditsa pa zenera kuti kuwala kudutse. Timitanda ta kuseri tinaonekera kutsogolo, tonse titagwera pakapinga paja, pakatikati pa malo a holo.

"Ine sanandiuze munthu," anatero. "A Likaka, ine sanandiuze munthu. Ndatenthetsa mapulani zikwi ziwiri."

Anaimbira bwana Thawale, amene anabwera atavala patapata. Bamboyo anawerenga, n'kuvula magalasi, n'kuwerenganso. Sanali munthu wouma mutu, nayenso ndi wobadwira kumudzi. Anati pa mitandapo sipakumbidwa, zimenezo n'zosakambirana, koma ntchito singaime, chifukwa kontilakita anachenjeza kale kuti tikamuchedwetsanso achotsa aganyu onse n'kupititsa katapila kwina. Njira inalipo: kusuntha zikhomo, holo isendere kungodya ya kum'bawa kumene kunalibe mtanda.

Mayi Kachiwanda anawerenga timitanda ndi chala. Khumi ndi kamodzi. Kenako chala chawo chinapita kungodya ya pepala, kumene kunayenera kukhala mtengo wa m'bawa, n'kupeza kuti ngodyayo palibe.

"A Likaka, inu ndi amene munanyamula pulani iyi ikadali yathunthu. Apa panali zolemba? Mukandiuza kuti panali kanthu, kapena kuti simukudziwa, ine sindisaina."

Ndikuuzeni zoona, poti ndakalamba nazo. Ndinaona zonse nthawi imodzi. Ndinaona timizere ta pensulo pansi pa girisi wa m'manja mwanga, ndinaona munthu wochepa thupi uja atakhala payekha pansi pa m'bawa. Koma ndinaonanso Fanuel atabwerera pakhonde ndi nzimbe zake, mpongozi wanga mimba ili apo, ndiponso ine ndikuuza bwana ndi mayi wophunzira kuti ndinapukutira m'manja dzina la munthu wakufa. Ndinadziuza kuti m'chifunga munthu amawerenga molakwa. Paja amati manyazi anapha lambe.

"Chiswe, mayi," ndinatero. "Ngodya imeneyo ndinaipeza itadyedwa kale. Panalibe kanthu."

Anayang'ana m'mphepete mong'ambikamo. Anasaina.

Madzulo a tsikulo ndinapeza Fanuel pakhonde akupukuta majombo ake, akuimba mluzu, chinthu chimene ndinali ndisanachimve miyezi yambiri. Ndinakhala naye pafupi, ndikusowa poyambira.

"Mawa uyambire kutali ndi mtengo uja," ndinatero.

"Ababa, ine ndimatsata zikhomo. Kumene akhoma ndi kumene ndikumbe."

"Mizu ya m'bawa ndi yolimba. Ingakuthyolere mano a katapila."

Anaseka. "Inu zanu ndi mapaipi, ababa. Zokumbazi tisiyireni."

Mawu omwe aja a a Ndilowe, kuchokera m'kamwa mwa mwana wanga. Mtima unandiuza kuti ndinene basi, pompo, koma mkazi wake anatulukira ndi madzi osamba, akumwetulira, ndipo ine ndinameza mawu. Akuti chakudza sichiyimba ng'oma. Ichi chinayimba sabata yathunthu, wotseka makutu ndinali ine.

Lolemba kunacha ndi chifunga. Oyeza malo anasuntha zikhomo, ndipo ulendo uno palibe anazizula. Zimenezo zinawasangalatsa onse, kapitawo mpaka anati mwaona, anali ophunzira aja. Ine zinandiopsa kuposa zonse, koma sindinadziwe chifukwa chake. Ndinasiya ntchito yanga ku hositelo n'kukayima pakhonde la laibulale. Mayi Kachiwanda anali pomwepo, atakumbatira fayilo pachifuwa.

Fanuel analiza katapila nthawi ili cha m'ma naini. Anandiona, n'kundikwezera dzanja, akuseka. Nkhope imeneyo ndimaisunga.

Chikho cha katapila chinatsika koyamba, n'kutulutsa dothi lofiira, lathu lomweli. Kachiwiri chimodzimodzi. Ndinayamba kupuma. Kachitatu chinatsikira chakufupi ndi m'bawa, ndipo dothi limene chinakweza linali lakuda, lofewa, likuyoyoka lokha. Fungo lija la mu ofesi linatipeza pakhonde pomwe tinali. Pamano a chikhocho panalendewera kanthu kooneka ngati chidutswa cha mphasa yakale. Zina sindinazione, ndipo amene anali pafupi safuna kuzikamba.

Injini inazima. Sanaizimitse mwaphuma, anaizimitsa bwinobwino ngati nthawi yoweruka yakwana. Chitseko chinatseguka. Mukudziwa mmene oyendetsa katapila amatsikira, chafutambuyo, nkhope itayang'ana ku makina, manja atagwira zitsulo. Anatsika choncho, phazi limodzi, linzake, mpaka pansi. Tonse tinkadikira kuti atembenuke atiuze chimene chavuta.

Sanatembenuke. Anayenda pang'ono, n'kukhala pansi pa m'bawa, n'kutambalitsa miyendo.

"Fanuel!" anakuwa kapitawo. "Iwe, nthawi ya tiyi sinakwane!"

Ine ndinali nditayamba kale kuthamanga. Ndinamugwira paphewa, thupi lake linali lofunda, akupuma bwinobwino. Ndinamuitana dzina, ndinamuitana ndi dzina la kwa agogo ake lomwe. Ndinazungulira kuti ndimuyang'ane m'maso, n'kupeza nkhongo. Ndinazunguliranso. Anthu amene analipo amati ndinazungulira mtengo uja kambirimbiri ndikulira ngati mwana, mpaka alonda anandigwira.

Patha zaka zinayi. Kuchipatala anamuyeza zonse, mutu, magazi, khosi, n'kunena kuti sakupeza vuto. Abusa anabwera, ena amene sindingawatchule pano anabweranso. Akuluakulu a mudzi umene unasamuka uja anaitanidwa, anachita zawo pakapinga, dzenje linakwiriridwa, n'chifukwa chake mukuona mpanda wa waya pamenepo ndipo holo inakamangidwa kumtunda. Fungo linatha mu ofesi, kalendala inasiya kutembenuka. Aliyense anapeza mtendere wake, kupatula nyumba yanga.

Fanuel ali moyo. Amadya, amasamba yekha, sadwala. Amakhala m'chipinda chake atayang'ana kukhoma, ndipo ukalowa ndi chakudya amatambasulira dzanja kumbuyo n'kulandira. Salankhula. Mayi ake anayesapo kamodzi kumusuzumira ali m'tulo masana. Anatuluka m'chipindamo n'kukakhala kuseri kwa nyumba mpaka dzuwa kulowa, ndipo mpaka lero sanandiuze chimene anaona. Inenso sindinawafunse.

Mayi Kachiwanda anatenga mapulani otsala mu mpukutu wanga uja, makumi anayi okha, n'kuwajambulanso mbali zonse ziwiri. Pa atatu anapezapo zolemba kuseri. Ndiye inu amene mumadziwa masamu, werengerani nokha kuti pa zikwi ziwiri tinatentha zija panali zingati. Palibe akudziwa, ndipo kompyuta yanuyo ikakuuzani kuti pamalo ndi poyera, imanena zimene inaonetsedwa.

Asanachoke pano kupita ku ntchito ina, mayi uja anandiitana mu ofesi. Pagalasi panali kuseri kwa pulani nambala 14.

"A Likaka, papepala pali mayina khumi ndi limodzi, mukudziwa. Ndajambula katatu, ndipo katatu konse mu kompyuta mukutuluka khumi ndi awiri. Lomalizalo lili kungodya kumene kulibe pepala. Ndikuwerengereni?"

Ndinawapempha kuti asandiwerengere. Ngati ndi la munthu wochepa thupi uja, ndilibe nkhope yolimvera. Ngati ndi dzina lina, limene ndinalisankha ndekha tsiku la ubatizo, ndiye bola ndife osadziwa.

Anazimitsa kompyuta. Ndili pakhomo anandiitananso, osakweza mawu.

"Tsiku lija ndinaona m'mphepete mwa pepala. Chiswe sichisiya girisi, a Likaka. Ndinaona, koma ndinasaina. Ndiye musamasenze nokha."

Anali munthu wabwino, koma katunduyu ndi wanga. Akuluakulu amati choipa chitsata mwini. Changa chinandilambalala ine n'kukagwira mwana wanga, ndipo ndikadakonda chikadatsata mwambiwo.

Mwana amene mpongozi wanga ankayembekezera uja anabadwa mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho, wamkazi. Pano akuthamanga, pakamwa posatseka ngati agogo ake aakazi. Amawakonda bambo ake. Amalowa m'chipinda muja n'kuwakwera pamsana, kuwaimbira nyimbo za ku sukulu ya mkaka, kuwaluka tsitsi la kunkhongo, ndipo iwo amakhala phee kumulola. Kwa iye bambo ndi choncho.

Dzulo ndikuvula majombo pakhonde anabwera n'kutsamira pa bondo langa.

"Agogo, anzanga akuti aliyense amafanana ndi wina wake. Nanga ababa amafanana ndi ndani?"

Ndinamuuza kuti anthu ankati amafanana ndi ine. Mwana uja anasangalala, anandigwira masaya ndi timanja take tonse tiwiri kuti andiyang'anitsitse bwino, aone bambo ake.

Ndinalephera, anzanga. Ndinachotsa timanja tija, n'kutembenukira kukhoma.

Madzi awira. Thirani tiyi, ine sindimwa.